Tambala wanga ali mu wodi

Kuno ku Senga Bay nkhuku ikayamba kutsimphina palibe amafunsa kuti yatani. Amangofunsa ngati m'nyumba muli tomato ndi anyezi. Ndiye mundimvetse, abale, ndikamati ndavutika, ine munthu woyamba m'mudzi muno kugoneka tambala m'chipatala.

Ndine mkamwini. Nyumba ndi ya mayi a ana, munda ndi wa apongozi, mtengo wa mango umene ndimausa pansi pake ndinaupeza. Changa chenicheni pakhomo pano ndi tambala wachikuda, wofiira, wosamva, amene ntchito yake ndi kutsikira kugombe kukaba usipa pathandala.

Tsiku lina wabwera akudumpha ndi mwendo umodzi. Kumugwira, ndapeza kaulusi ka ukonde, kaja ka nayiloni kovuta kuona, katakulunga mwendo pamwamba pa zala mpaka kulowa m'mnofu. Phazi lotupa, lotentha. Maukonde akutha amangotayidwa mumchenga, nkhuku ikamapalasa imakodwa, ndipo ikamalimbana nawo ndi pamene ulusi ukumangitsitsa. Mukachedwa chala chimauma n'kuduka chokha.

Mayi a ana anangoyang'ana kamodzi.

"Abambo, nditereke madzi?"

"A chiyani?"

"Ososolera."

Ndinati aterekedi, koma angofunda, athiremo mchere. Ndinakhala pamkeka, tambala kukhwapa, lumo latsopano kumanja, n'kuyamba kudula kaulusiko pang'onopang'ono, lilime lili panja. Wodwala anandithokoza pondijompha pachala. Nditatsuka balalo ndinalimanga ndi kansalu kamene ndinang'amba kuchitenje chooneka ngati chakale. Akuti ndi cha kumvano. Mlandu umenewo sunathe.

Ndinaimbira mlangizi wa ziweto. Iye za mwendo analibe nazo changu. Anafuna kudziwa ngati nkhukuyo ikuodzera, ngati khosi lapindika, ngati zitosi zili zobiriwira, poti mdani wamkulu wa nkhuku kuno ndi chitopa. Kenako anafunsa ngati ndinapereka katemera wa I-2, uja wa dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Apa netiweki yanga inayamba kuvuta kwambiri. Chomwe ndinamvako n'chakuti wodwala akhale payekha pamalo pouma, chifukwa nkhuku zinzake zikaona bala zimalijompha, ndiponso ndigule mankhwala opopera pabala.

Mankhwalawo ndinakawapeza ku Kamuzu Road, makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno. Nditabwerako, mayi a ana anaphatikiza thiransipoti, kabaza, mankhwala ndi chipisi chimene ndinadya panjira, n'kulengeza pamaso pa apongozi kuti ndalamazo zikanagula atambala awiri oyenda bwinobwino. Apongozi sanayankhe. Anangoyang'ana dengu la wodwala, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa mwana wawo ngati kwathu kuli ena otere.

Wodi ndi dengu lovundikira. Poti mwera ukuwomba usiku, dengulo limagona m'nyumba, kumutu kwanga, ndipo wodwala mwendo wokha ndiwo wavulala, kukhosi kuli bwino. Nthawi imene asodzi a usipa akuzimitsa nyali panyanja, ine ndimakhala nditadzuka kalekale. Chakudya chake ndi madeya osakaniza ndi usipa wosinja kuti bala lipole msanga. Usipawo ndikugula ndi ndalama zanga kwa amayi omwe tambalayu ankawabera. Akandiona amayamba okha kuyeza mulu: "Odwala agona bwanji, adokotala?"

Pano wayamba kuponda pansi, ndipo dzulo anathamangitsa thadzi la eni ake mpaka kuseri kwa bafa, akutsimphina chomwecho. Ndinaimirira kuombera m'manja ndekha.

Lero m'mawa kwabwera kamnyamata ka kwa aneba, bakha ali m'manja, phiko likulendewera.

"Amayi akuti mumuone. Akutinso ngati mukumugoneka, chakudya n'cha kuchipatala konkuno."