Ingofomatani, Amalume

M'tauni muno matenda onse a kompyuta ali ndi mankhwala amodzi. Ikamachedwa kuyaka, ingofomatani. Ikamatentha, ingofomatani. Ngakhale batani litazuka, mupeza munthu wa tayi akukuuzani ndi nkhope yosaseka kuti muifomate. Ameneyu ndiye panado wathu.

Laputopu yanga ndi ya pakaunjika. Inafika kuno itatumikira kale azungu angapo, ndipo batire lake linatisiya kalekale. Komabe inkayenda, mwaukalamba, mpaka tsiku limene mphwanga, mwana wa achemwali anga amene anaphunzira za makompyuta miyezi itatu ku Limbe, anaiona.

"Amalume, mukusunga maliro m'nyumba. Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025, a Microsoft anasiya kuisamalira. Ingofomatani tiikemo 11."

Loweruka anabwera, fulashi ili m'khosi ngati chithumwa. Ndinamufunsa za zithunzi za ukwati wathu zomwe zinali m'katimo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Musadandaule, amalume." Mawu amenewa mukawamva m'tauni muno, yambani kudandaula.

Ntchito inayamba ndi ng'oma. Kuti kompyuta idzukire pa fulashi pali batani lake, F12 pa Dell, F9 pa HP, ndipo mphwanga posafuna kukondera ankawamenya onse pamodzi ndi zala khumi. Kachisanu zinatheka. Kenaka Windows 11 inatiuza mwaulemu kuti m'nyumba yotere singalowe. Imafuna RAM ya 4GB, malo a 64GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe gogo wangayu anabadwa alibe. Mphwanga anaseka. Anati pali pulogalamu yotchedwa Rufus yomwe imakonza fulashi kuti mlonda wa pageti asafunse mafunso. Ndinazindikira kuti ngakhale makompyuta amadziwa za "tingothandizana".

Titadutsa pageti tinakumana ndi nkhani ya malo. Disiki yanga inagawidwa mwachikale, mwa MBR, pomwe mlendoyu, polowera khomo la UEFI, amafuna GPT. Ine ndinamva ngati mkangano wa munda pakati pa mafumu awiri. Mphwanga anauweruza mwachidule: anafufuta zigawo zonse, chimodzichimodzi, akuimba mluzu.

"Zithunzi zija zili mbali iti?" ndinafunsa.

Mluzu unasiya.

Apa n'kuti anthu atayamba kufika. Sindidziwa amene amalengeza, koma laputopu ikatsegulidwa pakhonde, anthu amabwera ngati amva fungo la nyama yootcha. Alandilodi anakhala pampando wanga. Aneba athu, kondakitala wa minibasi, anaima kumbuyo atapinda manja. Panafikanso akulu ampingo omwe ankangodutsa. Tonse maso pa manambala, 12, 30, 47, ngati tikuonera mpira. Pa 61 panatuluka uthenga wokhala ndi nambala yoopsa, 0x8007025D, basi zonse zii.

Amati mutu umodzi susenza denga. Tsiku limenelo inalipo mitu isanu, ndipo denga linagwa ndithu. Alandilodi anati ndi vairasi, ngakhale m'disikimo munali mutasesedwa moti ngakhale vairasiyo ikanafa ndi njala. Akondakitala anati tiizimitse, tiigogode pang'ono kumbuyo, chifukwa sitata ya minibasi yawo imamva chinenero chomwecho. Akulu ampingo sananene zambiri. Anangofunsa ngati kuntchito kwanga kulibe amene ndinakangana naye. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati "sindikudziwa". Mawu amenewa m'tauni ndi olaula. Munthu angalolere kukulozerani njira yolakwika ya ku Ndirande kusiyana n'kuwatchula.

Tinayambiranso katatu. Kachitatu inafika pa 88, akondakitala atayamba kale kundigwira chanza, magetsi n'kuthima. Paja batire linatisiya. Aliyense anakumbukira kuti ali ndi kopita, ndipo mphwanga anati achemwali akumufuna msanga.

Lolemba ndinainyamula ngati mwana wodwala kupita nayo kwa wokonza wina m'tauni, mu kashopu komwe malaputopu akufa aunjikidwa mpaka kudenga, ena mwina eni ake anawasiya nthawi ya Windows 7. Mnyamatayo sanandifunse chomwe chavuta. Anafunsa kuti, "Madala, anaigwira ndani?" Nditati mphwanga, anagwedeza mutu ngati namwino amene wamva kuti munayambira kwa asing'anga.

Koma ntchito ankaidziwa. Anati nambala ija kawirikawiri imatanthauza kuti mafayilo akuonongeka panjira, ndipo olakwa amakhala fulashi, doko lomwe mwaibaya, kapena RAM. Anayeza RAM, ili bwino. Anayeza fulashi ya mphwanga, yogula kwa venda pamtengo wa mandasi ochepa. Pachikopa inalembedwa 64GB, koma mimba yake siinkafika ngakhale 8GB yomwe Windows imafuna. Imalandira chilichonse mwaulemu n'kumataya mwakachetechete, ngati komiti ya chitukuko. Anabaya yake, ndipo mphindi makumi atatu zisanathe kompyuta inazima n'kudziyatsa yokha.

Inabwereranso poyambira penipeni, kufunsa chinenero. Mtima wanga unagwa. Iye anangozula fulashi ija n'kuyatsanso. "Mukaisiya momo, ena mwa makompyutawa amadzukiranso pomwepo. Anthu amafomata kasanu tsiku limodzi osadziwa kuti inatheka kale koyamba." Sindinamuuze kuti ndikanakhala ndekha ndikanafika kakhumi.

Chomaliza, mlendo uja asanakhale n'komwe pansi, anapempha intaneti. Bandulo yanga ya mwezi wonse inatha ndikuyang'ana. Walira mvula walira matope. Za zithunzi, mnyamatayo anati tikanabwera tisanalembe zatsopano pamwamba pake mwina zina zikanapulumuka, ndipo mawuwo anawanena atalandira kale ndalama.

Laputopu ikuyenda tsopano, liwiro lake lomwe lija la kale. Mphwanga akuuza abale kuti anaikonza ndi iye, ndipo sabata yatha ndinamupeza akuyang'anitsitsa foni ya mayi akunyumba. Zithunzi za ukwati zatsala zitatu, zomwe alamu anga anaika pa Facebook, ndipo pa zitatu zonsezo ine ndinatsinzina.