Ulemu kwa a ® ndi Abale Awo

Anthu osayamika amati ntchito ya buku la malangizo a makina n'kukuuza poyatsira ndi pozimitsira basi. Oterewa sanawadziwebe a ®, kachilembo kokhala mu mpanda, kokangamira pamwamba pa dzina la katundu ngati nkhupakupa kukhutu kwa ng'ombe. Lero tiwapatse ulemu wawo.

A ® si munthu wamba. Anabadwira ku America m'lamulo la Lanham la 1946, ndipo amatera pa dzina lolembetsedwa ku boma lokha. Kuwaika pa dzina losalembetsa ndi mlandu m'mayiko ambiri. Mng'ono wawo ™ ndiye wosasankha: ngakhale wachiwaya atha kumupachika pa chikwangwani chake popanda womufunsa.

Taonani kudzipereka kwawo pa ntchito. Pulinta yameza pepala, abwana akudikira lipoti, iwe thukuta lili kamukamu ukuvundukula buku kuti udziwe kachitseko koti ukoke. Usanafike pa yankho, a ® akulonjera kanayi m'chiganizo chimodzi, kukukumbutsa kuti dzinali lili ndi mwini wake. Pepala likadali m'kati momwemo, koma ulemu wa kampani sunakhudzidwe. Nanga chachikulu n'chiti? Ndipo buku likatsegulidwa pa kompyuta yosamva bwino zilembo, iwo sathawa ayi. Amabwera ndi mlendo, n'kuoneka chonchi: Â®.

Abale awo nawonso ndi olimba mtima. Aphunzitsi anatikwapula kuti chiganizo chimayamba ndi chilembo chachikulu. Koma Apple itatulutsa iMac mu 1998, kenako iPhone mu 2007, ka i kanakanitsitsa kukula, ngakhale kakhale koyambirira pa tsamba. Mkonzi akakakuza, loya wa kampani amakabweza. Onse awiri amalandira malipiro pa kutha kwa mwezi chifukwa cha kachilembo kamodzi, ndiye wina azinena kuti sikathandiza pa nkhani ya ulova?

Donald Knuth atatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta ya TeX mu 1978, anafuna kuti E wa m'dzinalo atsike pang'ono pansi pa mzere. Leslie Lamport pobweretsa LaTeX anawonjezera ka A kokwera m'mwamba, kuti dzina la zilembo zisanu lizikhala m'nyumba yosanjikizana. Yahoo! ndiye imafuula pakati pa chiganizo, wowerenga n'kupuma poyesa kuti nkhani yatha. Msuweni wawo © amachita kudziitana yekha: mlembi wa msonkhano akulemba mu Word mfundo (a), mfundo (b), pofika yachitatu angoona kachizindikiro katulukira kale, kakhala pa mpando.

Musaganize kuti zonsezi ndi matama chabe. Pali mantha enieni. Mu 1921 khoti la ku America linagamula kuti aspirin, dzina la Bayer, lasanduka la aliyense. Mu 1950 kampani ya Otis inataya dzina la escalator m'njira yomweyo. N'chifukwa chake Adobe imachonderera anthu kuti asamatchule kukonza chithunzi kulikonse kuti Photoshop. Mdani wa dzina la malonda si wodana nalo, koma wolikonda mpaka kuiwala mwini.

Ife kuno nkhondoyi tinaiwina kalekale osadziwa n'komwe kuti ilipo. Pa okala, mwana amati akufuna kolugeti, wogulitsa n'kumufunsa kuti wa mtundu wanji. Sopo aliyense waufa ndi safu. A ® ali pa paketi pompo, akuona, akumva, koma sanatulepo pansi udindo.

Choncho mukakumana nawo m'buku la foni kapena la jenereta, musawakalipire. Kampani imamwaza ndalama zankhaninkhani kuti dzina lake likhale pakamwa pa aliyense, ndipo zikatheka, imatuma a ® kuti akatiletse kulizolowera. Ntchito yoteroyo sangaithe munthu wamanyazi, komatu iwo amaigwira usana ndi usiku osalandira ngakhale tambala.