Mawu akoma akagonera, koma agone masiku angati?

Akuluakulu anatiuza kuti mawu awo amakoma akagonera, koma sanatiuze kuti agonere masiku angati. Mbali imeneyo anaisiya dala, podziwa kuti tsiku lokumbukira malangizo limabwera lokha munthu ataponda kale pamoto. Tsopano funsolo lapeza woliyankha. Kuyambira mu 2023, pulogalamu ya makadi ophunzirira yotchedwa Anki ili ndi masamu atsopano, a FSRS, amene ntchito yawo ndi kuwerengera masiku oti mawu amene mwaphunzira lero agone musanawaonenso. Imafuna kudziwa kuti mukufuna kumakumbukira zochuluka bwanji, ndipo mukangokhala chete imakusankhirani 90 pa 100 iliyonse. Mwambi umene tinkauyesa wolangizira ana osamva wapezeka kuti ndi ndondomeko ya kaphunziridwe, imene inkangosowa kalendala.

Khadi lake ndi losavuta: kutsogolo funso, kumbuyo yankho. Mumayankha kaye mumtima, n'kutembenuza, kenako n'kuulula kwa foni yanu ngati munaiwala, munavutika, munakhoza kapena zinali zophweka. Khadi limene mwakhoza limapita kukagona masiku angapo. Mukalikhozanso limagona milungu, kenako miyezi, mwinanso zaka. Limene mwaiwala silichedwa, pakangopita mphindi zochepa lafika kale. Damien Elmes anatulutsa pulogalamuyi mu 2006, potengera masamu amene Piotr Woźniak wa ku Poland anakonzera pulogalamu ina yotchedwa SuperMemo cha m'ma 1987, ndipo lero ophunzira zaudokotala ku America amagawana mitolo ya makadi masauzandemasauzande. Ine pulogalamuyi ndimaiona ngati gogo amene sanabadwepo m'mudzi uliwonse. Gogo weniweni amanena kamodzi, n'kukusiyani zaka khumi, ndipo tsiku limene mwagwa m'mbuna amangotsokomola. Uyu ayi. Amasunga kaundula wa tsiku lililonse limene munaiwala kuti likulu la Burkina Faso ndi Ouagadougou. Mukachoka sabata imodzi kupita kumaliro, iye zamaliro sazidziwa, mudzapeza makadi mazana atandandalika pakhomo kukudikirani. Ndipo khadi mukaliiwala maulendo 8, amalitcha msundu, kutanthauza kuti likungokuyamwani nthawi. Taonani ulemu wake: wolephera ndinu, koma dzina loipa lapita kwa khadi.

Tiseke ndithu, koma gogo ameneyu ali ndi mboni. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo. Anaona kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti kubwereza kogawira masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kwa tsiku limodzi. Mu 1924 Jenkins ndi Dallenbach ku yunivesite ya Cornell anapereka timawu totere kwa ophunzira awiri, n'kupeza kuti ankakumbukira zambiri akagona kusiyana ndi pamene akhala maso maola omwewo. Apa mwambi wakhoza mpaka kunyanya, chifukwa kugonera kwake ndi tulo tenitenidi ta pamphasa. Ndiye taganizirani mnyamata wa Folomu 4 amene kwatsala masiku awiri kuti alembe MSCE, waviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti achezere ndi buku la Biology. Khama lake n'losiririka, koma akuthamangitsa wantchito yemwe akanamusungira zimene wawerengazo.

Nanga bwanji ambiri amakondabe kuwerenga tsamba limodzi kanayi? Chifukwa n'kokoma pompopompo. Tsamba lowerenga kachinayi lili ngati nsima yotentha, imatsetsereka yokha pakhosi, pamene khadi logonera ndi mkute, umafuna mano. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anabwereza kuwerenga, ena anatseka pepala n'kulemba zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza kuwerenga aja ndiwo anapambana. Patapita sabata zinatembenuka, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti obwerezawo ndi amene ankadzidalira kwambiri. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake atasanthula njira khumi zowerengera, anaika kudziyesa ndi kugawa masiku pamwamba, pamene kubwereza kuwerenga ndi kupaka mizere yachikasu m'buku anaziika pansi. Buku lopakidwa chikasu tsamba lonse limaoneka la munthu wozama, koma amene wagwira ntchito pamenepo ndi dzanja.

Wina anena kuti kuloweza si kumvetsa, ndipo sakunama. Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015, n'kudzapambananso ya Chisipanishi ku Granada mu 2024, chonsecho zinenero ziwirizi sazilankhula. Mawu ake anagonera bwinobwino, koma sangagule nawo ngakhale tomato. Komabe mlanduwu si wa khadi. Woźniak yemwe uja, pa malamulo amene analemba a kapangidwe ka makadi, loyamba ndi loletsa kuloweza chinthu chimene sunachimvetse. Komanso otsutsawa amaiwala kuti kumvetsa kumafuna poponda. Namwino amene akumvetsa bwino mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi koma mlingo wake waiwala, ine asandibaye jakisoni. Wina anenanso kuti mayeso ndi mawa, za milungu n'zochedwa. Ameneyo achezere basi, umboni wa mphindi 5 uja uli kumbali yake, bola asadzadandaule kuti sukulu sinamusiyire kanthu m'mutu.

Dandaulo loti zimenezi zimafuna foni ndi magetsi ndiye ndilibe nalo chifundo kwenikweni. Sebastian Leitner, mtolankhani wa ku Germany, anafotokoza njirayi mu 1972 ndi bokosi logawidwa zipinda. Khadi lokhoza limasunthira chipinda chakutsogolo chimene chimatsegulidwa patalipatali, lolephera limabwerera chipinda choyamba ngakhale linali litafika kutali bwanji. Katoni ya nsapato, lumo ndi mapepala otsala a kope lakale zakwana. Vuto limene ngakhale masamu a FSRS sanalithetse lili pa chala. Palibe amene amakuonani mukasuzumira kumbuyo kwa khadi, n'kunena kuti "aa, ndimadziwa kale", n'kudina kuti munakhoza. Pulogalamuyo imakukhulupirirani ndi mtima wonse, imalitumiza khadilo kukagona miyezi itatu, ndipo mayeso ali mwezi wamawa.