Wotungira Madzi Wailesi

Agogo: Amuna anga, popeza tinagulitsa mpunga ndi nsomba zouma za ku Chiuta kuti mukaphunzire za wailesi ku Nampula, ndipo ine ndatchera khutu ku wailesi ya Mira-Lagos m'mawa ndi madzulo kufikira ana a pamudzi andiyesa wolodzedwa, mundiuze lero osapsatira: liwu lanu lili kuti?

Mdzukulu: Agogo, za kulankhula sindinaphunzire. Ine ndimasamala magetsi olowa m'makina oulutsira mawu.

Agogo: Kalanga ine! Magetsi a kampani ya EDM afika kale pa Insaca ndi miyendo yao. Kodi asowa mbusa?

Mdzukulu: Amsowadi. Magetsiwo, atachoka ku Cahora Bassa pa Zambezi nadzera ku Cuamba, amafika pakhoma ali mavolti 220, koma sakhazikika, pakuti amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, monga mafunde a pa Chiuta tsiku la mwera. Pamene makina oulutsira mawu, amene ambiri a masiku ano amafuna mavolti pafupifupi 50, samwa madzi ogavira. Tsono timayamba tawaongola kuti aziyenda njira imodzi, kenaka tiwathira m'makapasita, ndiyo mitsuko yake, kuti adekhe. Mtsuko ukatha mphamvu, inu kuno mumamva kung'ung'udza pansi pa nyimbo.

Agogo: Kung'ung'udza kuja ine ndinkati ndi mwamuna wa muulutsi, wokwiya kuti mkazi wake wachedwa kuphika. Koma ndamva tsopano: ndalama za mpunga wanga zabala Mgibeoni, wotungira anzake madzi monga m'masiku a Yoswa.

Mdzukulu: Mgibeoniyo akagona tulo, ngakhale bwanamkubwa atavala suti naima pa maikolofoni, mawu ake sadutsa mpanda. Madzulo, anthu onse akayatsa nyale, mavolti amatsika, ndiye pali stabilaiza yowakweza. Magetsi akathima, mabatire amagwiriziza kufikira jenereta italira. Koma mdani wamkulu ndi mphenzi, imene imakonda mlongoti wautali.

Agogo: Apo pokha khalani chete, pakuti safunsa anadya phula. Mphenzi simenya chabe, imachita kutumidwa, ndipo mankhwala ake amakwiriridwa pansi ndi munthu wodziwa.

Mdzukulu: Nafenso timakwirira pansi, agogo: ndodo zamkuwa, zolumikizidwa ndi chingwe chonenepa kuchokera pamwamba pa mlongoti, kuti ikabwera ilowe m'nthaka osadzera m'makina.

Agogo: Ha! Ndiye kuti munakwera sitima mpaka ku Nampula kukaphunzira zimene malemu agogo anu aamuna akadakuphunzitsani pa mtengo wa nkhuku imodzi. Nanga mukatha kukwirira zithumwa zanuzo, tsiku lonse mumagwira ntchito yanji?

Mdzukulu: Ndimayang'ana manambala ndi kuwalemba m'buku: mavolti, kutentha kwa makina, mphamvu imene ikukwera ku mlongoti, ndi ina imene ikubwerera. Yobwererayo ikachuluka, ndiye kuti chingwe chalowa madzi kapena china chamasuka kumwambako, ndipo makina amadzichepetsa okha kuopa kupsa. Ndimamveranso fani ngati ikuzungulira bwino, n'kupukuta fumbi la mwezi wa Okutobala, limene limatseka mpweya.

Agogo: Makina odzichepetsa okha! Akadawaika kutsogolo m'tchalitchi kuti akulu a mpingo atengereko phunziro. Komabe, amuna anga, mwana wa mnzanga uja sanapitirire ndi sukulu, koma dzina lake limamveka mpaka ku Entre-Lagos ndi kutsidya ku Nayuchi, pakuti amalengeza maliro ndi mbuzi zosokera. Inu mukagwira bwino ntchito yanu, ndani adziwa?

Mdzukulu: Palibe. Amandikumbukira tsiku limene wailesi yati zii.

Agogo: Ndiye tsiku limenelo musadzatchule kuti ndinu wa mtundu wathu. Tsono popeza muli sing'anga wa magetsi, taonani mabatire anga awa: ndawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ndawaluma ndi mano atatu onditsalira, koma wailesi ingonong'ona.

Mdzukulu: Amenewa anafa kale, agogo. Mugule ena.

Agogo: Ndigule ndi chiyani, mpunga munadya ndinu? Pisani m'thumba.