Mapazi a telala pa mapedulo a ndege

Ine ndine telala. Amene mumadutsa pa msika wa Milange mwina munandionapo pa khonde, mutu uli chowerama, mapazi ali kalikiliki pa makina osokera. Manja anga ndi wamba, nkhope ndiye tisanene, koma mapaziwa ndinkawanyadira. Ndi omwe aphunzitsa ana ndi kukhoma malata pa nyumba. Ndiye mphwanga wa ku Joni atandisiyira laputopu yokhala ndi ndege yoyeserera, n'kundiuza kuti, "Malume, ndegetu imawongoleredwanso ndi mapazi," ndinati basi, ntchito imene ndinabadwira yandipeza, ngakhale yafika imvi zitamera.

Pulogalamu yake ndi FlightGear, yaulere, yomwe anthu ongodzipereka akhala akuikonza kuyambira cha m'ma 1997. Ilipo ina yotchuka, Microsoft Flight Simulator, imene inayamba mu 1982, koma ya masiku ano imafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yosadukaduka, zomwe pakhomo panga timangozimva kwa alendo. Ndege yophunzirira ndi Cessna 172, ya mipando inayi, pulopela kumphuno. Ndinaiimika pa bwalo la Chileka, ulendo wa ku Quelimane, poti basi ya ku Mocuba inanditopetsa kale.

Chimene ambirife sitidziwa ndi ichi: ndege ikakhala pansi, chiwongolero cha m'manja chilibe ntchito yokhotetsa. Mutha kuchipotoza mpaka thukuta, iyo imangopita kumene yafuna. Amene amakhotetsa ndi mapedulo awiri a kumapazi. Amatembenuza tayala la kumphuno komanso chipsepse choimirira cha kumchira chomwe amachitcha rudder. Mukaponda kumanja, mphuno imaloza kumanja, pedulo ya kumanzere n'kubwerera kwa inu. Ndiye pali mwano wina wobadwa nawo wa tindege ta pulopela imodzi. Mukangokweza injini kuti munyamuke, mphepo ya pulopela imazungulira thupi la ndege n'kukamenya mchira mbali ya kumanzere, injini nayonso ikukankha mwa njira yake, ndege n'kuyamba kuthawira kumanzere. Mankhwala ake ndi phazi lamanja, pang'onopang'ono. Ine ndinalibe mapedulo, ndinkangodina mabatani, ndipo udzu wonse wa kumanzere kwa msewu wa ndege wa Chileka ndinaudziwa bwino kuposa amene amautchetcha.

Mphwanga anayamba kunditumizira zithunzi za mapedulo pa WhatsApp kuti ndisankhe. A Thrustmaster TFRP ndi otsikirako mtengo, apulasitiki, mapazi amatsetsereka pa timizere, koma ndi oyandikana kwambiri. Munthu wa mimba ngati yangayi mawondo sakumana mwamtendere. A Logitech, omwe kale ankatchedwa Saitek, ndi otakasukako ndipo ali ndi chopotokola pakati choti muwalimbitse kapena kuwafewetsa. Kenako panabwera a MFG Crosswind, opangidwa ku Croatia, okongola moti ndinavula magalasi n'kuwapukuta. Kusiyana kwenikweni kuli m'kati. Otchipa ambiri amayeza kuponda kwanu ndi potentiometer, kachipangizo komwe kaja kali kuseri kwa batani la volumu pa wailesi yakale, kamene kakalowa fumbi kamayamba kukhosomola. Odula amayezera maginito, palibe chokhulana, ndiye sakutha msanga. Poganizira fumbi la mu Okutobala kuno, nzeru inati maginito.

Mayi a ana anamva mtengo wake m'mametikali, n'kupempha kuti ndiwauzenso m'makwacha, mwina kunali kusamva bwino. Nditanena m'makwacha anakhala pansi.

"Bambo a ana, ndiye kuti ndegeyo ikubwera nawo limodzi?"

Tinagwirizana, kutanthauza kuti iwo anagamula, kuti mphwanga apeze ogwiritsidwapo kale ntchito. Anawapeza, dzina lake linafufutika, n'kuwakweza basi. Anadutsa Zimbabwe, analowa m'dziko lathu lino n'kuwoloka Zambezi pa Tete, anatulukanso pa Zobue kulowa Mwanza, kenako Blantyre, Limbe, Thyolo, Mulanje, mpaka Muloza, pomwe mlamu wanga wa kabaza anawamangirira pa kaliyala. Asanayambe n'komwe ntchito pakhomo panga anali atayenda kale maiko ambiri kuposa mwini wake. Inali nyengo ya nandolo, ndipo mbiri inawanda m'mudzi kuti telala wagula sikelo. M'mawa mwake mayi wina anafika ndi thumba pamutu. Nditamufotokozera kuti ichi ndi cha ndege, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mavenda onse a masikelo obera amayankhula choncho.

Tsopano imvani mmene mapazi otchuka aja anandichitira. Pa makina osokera mapazi onse awiri amagwira limodzi: chidendene, zala, chidendene, zala. Pa mapedulo a ndege, kuponda ndi zala kumtunda kwa pedulo ndi mabuleki, lamanja la tayala lamanja, lamanzere la tayala lamanzere. Injini itangolira, mapazi anga anamva phokoso lodziwika n'kuyamba kusoka. Ndege inkati ikathamanga n'kuima, ikathamanga n'kuima, mphuno ikugwadira phula ngati mkamwini wopepesa kwa apongozi. Mutu unkauza mapazi kuti lekani, mapazi akuti ife tili pa oda ya mayunifolomu.

Mlamu anandikankha pampando. Iyeyu anamva kwinakwake kuti Wilbur ndi Orville Wright, amene anaulutsa ndege yoyamba ya injini pa 17 Disembala 1903, anali okonza njinga ku Dayton, ndiye amaona kuti zoulukazi ndi za fuko lawo la anthu a njinga. Anaiwala kuti pa njinga ukakankha handulo ya kumanja kutsogolo umakhotera kumanzere, pomwe pa ndege phazi lamanja likapita kutsogolo umakhotera kumanja. Ndege itayamba kuthawira kumanzere, iye anaithandiza. Ulendo woyamba wa Orville unatenga masekondi 12. Wa mlamu sunafike n'komwe pamenepo. Ndipo ndege ya a Wright ija inalibe mapedulo: woyendetsa ankagona chafufumimba n'kumaiwongolera posuntha chiuno. Akanapitiriza njira imeneyo, bwenzi mapailoti a dziko lonse akuchokera m'magule a kwathu kuno.

Panalinso nkhani ya pansi. Mayi a ana amapaka polishi simenti ya pabalaza mpaka kuwala, ndiye ndikaponda mwamphamvu mapedulo ankathawira kutsogolo, mpando kumbuyo, ine pakati ndikutalika. Tsopano mapedulo ndinawatsamiritsa kukhoma, kuseri kwa mpando kuli thumba la chimanga, ndipo njala ikadzafika pa thumba limenelo maulendo adzaima.

Amene anatichotsa manyazi, kapena kutiwonjezera, ndi mdzukulu wanga wamkazi wa ku pulaimale. Sanasokepo, njinga sanaidziwe bwino, mapazi ake alibe mbiri. Anavula patapata, anatsitsa zidendene, n'kumangokhudza mapedulo pang'onopang'ono. Ndege inayenda pa mzere wapakati n'kunyamuka mwaulemu. Mumlengalenga anandionetsa kampira kakuda kamene kali m'kagalasi kokhota pa bolodi: pokhota, kakathawira kumanja umaponda kumanja, kakathawira kumanzere umaponda kumanzere, mpaka kabwerere pakati. Anadutsa pambali pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ya phiri la Mulanje, n'kukhotera ku phiri lathu la Tumbine, akufunsa kuti, "Agogo, ndikutsitseni pati?" Anyamata a pa msika amene anayamba kunditchula kuti Comandante anamva nkhaniyi, ndipo udindowo unasamukira kwa mwana. Ine ndatsala wogula mayunitsi a magetsi.

Panopa ndimanyamuka, sindikunama, masiku amene mphepo yagona. Kutera mphepo ikuwomba cham'mbali, pomwe phazi liyenera kuwongola mphuno matayala atatsala pang'ono kugunda pansi, imeneyo ndi nkhani ya chaka chamawa. Ku Quelimane ndafikako, koma m'minda ya kokonati.

Inu amene mwayamba kulakalaka, musathamangire a maginito. Joystick, kandodo kowongolera ndi dzanja, ikakhala yopotokola imagwira ntchito ya rudder mokwanira kwa woyamba kumene. Mukafika pofuna mapedulo, onani kuti ali ndi mabuleki a kuzala, yezani ngati mawondo anu akukwanapo, pezani khoma lowatsamiritsa ndi mpando wopanda matayala, ndipo musanaulutse kalikonse lowani mu pulogalamu muwatchere kuti akakhala pakati ndege isamakhote yokha. Mtengo wake akunyumba muwauze nsima itatha, ndipo muunene m'mametikali.