Mbiri ya Blues ku Chintheche ndi Gawo Limene Mlembi Anatengapo

Blues ndi mtundu wa nyimbo umene unayambira pakati pa anthu akuda a kummwera kwa United States, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo nyimbo zambiri za mtunduwu zimayenda pa makodi atatu okha, ndiye kuti magwiridwe a zala pa nsambo zingapo kuti zilirire pamodzi. Mfundo ya makodi atatuyi ndi imene inakopa mlembi wa danga lino ali mnyamata ku Chintheche, pakuti iye ankadziwa awiri, ndipo anawerengera kuti wachitatuyo adzakumana naye kutsogolo.

Monga anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja, mlembiyu anayambira pa banjo ya chigubu cha mafuta, imene nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga, ndipo popeza njingayo inali ya bambo ake, amene anazindikira za nkhaniyi ali pamtsetse, nyimbo yoyamba yachisoni imene mnyamatayo anaimba inalibe gitala konse. Gitala yeniyeni inadza pambuyo pake ndi amalume ake ochokera ku Joni, kumene Atonga akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira kale, ndipo inafika ndi nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi. Ndi chuma chimenechi analowa bandi ya pamudzi, imene mphamvu yake yonse inali mu batire la galimoto, kotero kuti kutalika kwa dansi kunkadalira mphamvu imene yatsala m'batiremo, osati luso la oimba.

Katswiri wa za nyimbo Gerhard Kubik, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anatulutsa buku lotchedwa Africa and the Blues mu 1999, m'mene anafufuza mizu ya nyimbozi mu Africa. Mlembiyu, amene bukulo anangolimva mutu wake, anagamula kuti blues yabwerera kwawo kudzera m'zala zake, osadziwa kuti Kubik analoza makamaka kumadera ouma a kumadzulo kwa Africa, kutali ndi Chintheche. Komabe Malawi sanasowepo anthu oimba mokhudza mtima chotero, pakuti Allan Namoko wa ku Thyolo ambiri amamuika m'gulu lomweli, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay komweko amaimba babatoni, chida chachitali cha nsambo imodzi, akuyendetsa botolo pa waya monga ankachitira oimba a ku Mississippi. Pano pali masamu amene amavutitsa mlembiyu mpaka lero: Nali ndi nsambo imodzi anatchuka pa intaneti nakaimba ku Ulaya, pamene iye ndi nsambo zisanu anakafika pa Kande, pafupi ndi kwawo.

Vuto lalikulu linali omvera. Anthu amene anakulira m'malipenga ndi chilimika, ndipo amatchena suti ngakhale dzuwa likuswa mtengo, amapita ku ukwati kuti akavine, choncho pamene mnyamatayo ankatseka maso ndi kukoka nsambo pang'onopang'ono, monga anamvera kuti B.B. King ankachitira, amayi ankaleka kululutira, ndipo pa ukwati wina mkulu wa mpingo anafika pafupi mwaulemu kudzafunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro. Alendo a pa Kande, amene amadza pa malole akuluakulu odutsa maiko ambiri, nawonso sanathandize, chifukwa anali atalipira ndalama zambiri kuti adzamve ng'oma za mu Africa, osati mwana wa sekondale akulirira mzinda wa Chicago, umene sankatha kuuloza pa mapu. Malipiro a bandi nthawi zambiri anali kondowole, ndiye kuti nsima ya chinangwa, ndi usipa, ndipo woimba blues ankapatsidwa mbale yake msanga, popeza anzake anaona kuti akamadya saimba.

Pali nthano yotchuka yakuti Robert Johnson, amene anamwalira mu 1938 ali ndi zaka 27, anapeza luso lake pogulitsa mzimu wake kwa Satana pa mphambano usiku. Mlembiyu, ngakhale analeredwa mu CCAP, mpingo umene mizu yake ili mu mishoni imene Robert Laws anafika nayo ku Bandawe mu 1881, anakaima ndi gitala yake pa mphambano ina ya msewu wa M5, koma amene anabwera anali kondakitala wa minibasi, kudzafunsa ngati akupita ku Dwangwa, ndi kumuuza kuti gitalayo ilipira mpando wakewake.

Pamene chikondwerero cha Lake of Stars chinayamba ku Chintheche Inn mu 2004, mlembiyu anakweradi pa nsanja, mfundo imene amaitchula kawirikawiri osafotokoza kuti anali atasenza sipika. Ntchito yake mu bandi inapitirira kwa kanthawi ndipo inayamba kuyamikiridwa, makamaka kuyambira tsiku limene woimba besi anazula mwakachetechete chingwe cha gitala ya mlembiyu ku amplifaya. Mlembiyu anaimba chomwecho nyengo yonse ya maukwati, akugwedeza mutu ndi kulandira m'manja, ndipo za chingwecho anauzidwa ndi mlongo wake bandiyo itatha kale.