Chifuniro cha Mulungu ndi thumba la kachewere

Ife akhristu a masiku ano tili ndi vuto limene makolo athu sankalidziwa. Kale munthu akafuna kumva maganizo a Mulungu ankauyatsa wapansi mpaka ku mishoni ya Kasina, n'kudikira bambo mfumu atsirize Misa. Lero maganizowo amatipeza okha pafoni tambala asanalire, ndipo pamapeto pake pamakhala nambala yotumizirapo ndalama.

Ine ndine mkamwini kuno, mlimi wa mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi pamunda wa apongozi anga. Chikhristu changa n'chosakayikitsa. Nyimbo zonse ndimaimba osayang'ana m'buku, ndipo mbale ya chopereka ikamayandikira ndimatsinzina kuti pemphero lilowe bwino.

Koma nyengo zino zatizunguza mitu. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mitengo n'kuthamanga ngati kabaza wopanda mabuleki pamtsetse wa phiri la Dedza. Feteleza wa AIP amene tidayamba kugula pa K4,495 mu 2020 adafika pa K15,000 patangotha zaka ziwiri, dzina lako n'kumapezeka pamndandanda chaka chino, chaka chamawa n'kusowa. Mu 2024 ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Zinthu zikafika apa, aliyense amasanduka mneneri. Wa pa WhatsApp akuti ndifese mbewu kwa iye, ndidzakolola galimoto. Alamu anga, amene adandibwereka ndalama za feteleza dzinja lathali, akuti Mulungu amadana ndi ngongole. Mnzanga wina akuti ndisiye zonse, tipite ku Joni. Onsewa ali ndi vesi lawolawo.

Poona kuti mawu achuluka, ndidaganiza zomufunsa ndekha Mwini wake. Ndidatenga Baibulo, n'kutsinzina, n'kulitsegula paliponse. Funso linali loti ngongole ya alamu ndibweze tsopano kapena iyambe yadikira. Chala chidagwera m'buku loyamba la Mbiri, pamene pali mndandanda wa maina okhaokha, uje adabereka uje. Ndidamva bwinobwino uthenga wake: pachibale sitiwerengerana ndalama.

Pankhani yogula foni yatsopano ndidatsatira njira ya Gideoni, amene adayala ubweya wa nkhosa panja kuti mame amupatse chizindikiro. Ine nkhosa ndilibe, choncho ndidayala chiguduli, n'kunena kuti chikanyowa pofika m'mawa, ndiye kuti kumwamba avomera. Unali mwezi wa Juni. Amene mumadziwa chisanu cha kuno mukudziwa kuti mu Juni mame amagwera ngakhale munthu wosabatizidwa. Foni ndidagula.

Chimene chimandichititsa manyazi pang'ono n'chakuti pompano pali nyumba ya Kasina Spiritual Formation Centre. Anyamata ofuna unsembe ochokera m'madayosizi osiyanasiyana amakhala mmenemo pafupifupi chaka chathunthu, kupemphera ndi kusinkhasinkha, asanapite ku Kachebere ku Mchinji, kenako ku St. Peter's ku Zomba. Funso lawo ndi limodzi lokha, loti kodi ayitanidwadi, koma amalipatsa miyezi yonseyo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine Mulungu ndimamupatsa nthawi yoyambira pamene madzi a tiyi atereka mpaka pamene awira. Akachedwa, ndimadziwa kuti kukhala chete n'kuvomera.

Mayi a kunyumba adandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Adalankhula tsiku lina madzulo ndikulongedza mbatata ya kumsika. Kalongedzedwe kake tonse timakadziwa: tating'onoting'ono ndi todyedwa ndi mbozi pansi, zapakati pakati, ndipo pakamwa pa thumba zikuluzikulu zosalala zoti wogula aziona n'kumeza malovu.

"Abambo," adatero, "nanga za thumbali mudayalira chiguduli liti?"

Ndidawauza kuti izi ndi za malonda, sizikhudzana ndi za mzimu.

"Ndaona ine," adapitiriza, "kuti inu mumasokonezeka pokhapokha pamene yankho likufuna kutulutsa ndalama m'thumba mwanu. Likakhala lolowetsa, mumamva mawu a Mulungu msanga kuposa Samueli."

Kunena zoona, nkhaniyi ndidaimvapo kumphakati. Akatekisiti adatiwerengera mutu 8 wa mneneri Amosi, wodzudzula ochepetsa miyeso ndi onyenga pasikelo, ogulitsa ndi mankhusu omwe. Tsiku limenelo ulaliki udandigwira mtima kwambiri, moti ndidayang'anitsitsa mnansi wanga amene amagulitsa nyemba ndi ndowa yomenyedwa kunsi, kuti aone kuti akunenedwa ndi iye.

Mayi a kunyumba ali ndi muyeso wawo wodziwira chisankho chaumulungu, ndipo sufuna foni kapena mame. Amati: chimene mukufuna kuchitacho, mungachinene mokweza amayi anga ali pomwepo? Tangoganizani, ine mkamwini amene ndikaona apongozi patali ndimapatuka n'kulowa m'chimanga, ngakhale chitakololedwa kale. Ndayesa kuika zolinga zanga pamuyeso umenewu, ndipo zambiri zafera pakhonde.

Ndikamadandaula kuti nthawi zathu n'zovuta, iwo amandikumbutsa za 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kupanda chilungamo, nthawi imene kungotchula dzina la Kamuzu mosasamala kunali kokwanira kuti munthu asowe. Apolisi adaitanitsa maepiskopiwo, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko, koma pofika Juni 1993 anthu anali pamzere wa riferendamu. Abusa aja ankadziwa choyenera kuchita, ndipo ankadziwanso mtengo wake. Ine choyenera ndimachidziwanso. Mtengo wakewo ndi umene ndimapempherera kuti utsike.

Choncho ndidakhuthula thumba lija n'kulongedzanso mwachikhristu, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, zambozi kunkhumba. Ndidapita nalo ku Chimbiya mtima uli m'malo, ndikuyembekezera madalitso osefukira. Venda adapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa mbatata yaikulu. Adapisanso mbali ina, yaikulunso. Adandiyang'ana mokayika, n'kukhuthulira pansi thumba lonse. Atasowa chinyengo adapukusa mutu.

"Madala," adatero, "thumba lotere sindinalionepo. Pali china chake chimene mukubisa."

Adandidula mtengo chifukwa cha kukayikako. Kunyumba nditadandaula, mayi adandifunsa kuti ndani adandiuza kuti chilungamo chimalipira tsiku lomwelo, pakuti ngakhale kachewere timadikira miyezi itatu. Usiku umenewo ndidagona tulo tabwino, ngakhale ndikadakonda kugona tulo tabwino ndili ndi ndalama.

Yatsala ndi ngongole ya alamu. Dzulo ndidawatumizira uthenga kuti nkhaniyo ndikuipempherera mwakhama. Ayankha kuti nawonso akhala akupemphera, ndipo iwo yankho alandira kale: Lachisanu abwera ndi chingwe kudzatenga mbuzi.